Mapeyala Akuba ndi Mkazi Wopanda Dzina: Kuwerenga Confessions ya Augustine

Amene tinakulira m'machalichi a m'komboni timaudziwa bwino umboni wa pa Sondo. Munthu aimirira kutsogolo, agwira maikolofoni, nakamba kuti kale anali cidakwa, anali kawalala, analibe mtendere. Tsiku lina anakumana ndi Yesu, ndipo kucokera pamenepo zonse zili bwino. Timaomba m'manja. Koma ambiri a ife timabwerera kunyumba ndi funso limene sitinganene mokweza: nanga ine, amene ndinapita kutsogolo caka catha, n'cifukwa ciani ndikali kucita zomwe zija? Buku limene ndifuna tikambirane lero linalembedwa ndi munthu amene anali ndi funso limenelo, ndipo sanalibise ngakhale anali bishopu.

Bukuli ndi Confessions, ndipo mlembi wake ndi Augustine, mwana wa mu Africa muno. Anabadwa mu 354 m'katauni ka Thagaste, kumene lero ndi Souk Ahras m'dziko la Algeria. Anamwalira mu 430 ali bishopu wa mzinda wa Hippo, umene tsopano umachedwa Annaba. Analemba bukuli m'Cilatini ca m'ma 397 mpaka 400, ali ndi zaka zopitirira 40. Lili ndi zigawo 13. Zigawo 9 zoyamba ndi nkhani ya moyo wake kufikira imfa ya amai ake, a Monica. Cigawo ca 10 cikamba za mmene iye analili panthawi imene anali kulemba, ndipo zitatu zotsiriza ndi maganizo ake pa nkhani ya nthawi ndi pa ciyambi ca buku la Genesis. Akatolika dzinali amalidziwa: seminale ya Mpima ku Kabwe imachedwa ndi dzina lake, ndipo Papa Leo XIV amene anasankhidwa mu 2025 ndi wa m'gulu la ansembe otsatira malangizo a Augustine. Koma si wa Akatolika okha. Martin Luther nayenso anali wa m'gulu lomwelo asanapatukane ndi Rome.

Coyamba cimene mudzaona mukatsegula bukuli n'cakuti Augustine sakamba ndi inu. Kucokera pa tsamba loyamba mpaka lotsiriza akamba ndi Mulungu, ndipo inu muli ngati munthu amene waima pakhomo n'kumamva mnzake akupemphera m'cipinda. Liu la Cilatini limene linapatsa bukuli dzina lili ndi matanthauzo awiri, kuulula chimo ndiponso kutamanda, ndipo iye acita zonse ziwiri pamodzi. Kalembedwe aka kali ndi phindu lake. Wopereka umboni kwa mpingo amasankha nkhani zimene zingagwedeze anthu. Wokamba ndi Mulungu, amene adziwa kale zonse, alibe amene angamudabwitse. Cimene catsala kwa iye ndi kufunsa cabe: n'cifukwa ciani ndinacita zimenezi? Masamba ambiri a bukuli ndi mafunso okhaokha.

Nkhani yochuka kwambiri ili m'cigawo caciwiri. Augustine anali m'caka cake ca 16. Anali atabwerako kusukulu ku Madauros, ndipo atate ake, a Patricius, anali kusakira ndalama zomutumizira ku Carthage kukapitiriza maphunziro. Anakhala pakhomo caka cathunthu wopanda cocita. Amene munamaliza giledi 12 n'kukhala mukuyembekezera kuti ndalama za kukoleji zipezeke, caka cimeneco mucidziwa kuposa ine. Usiku wina, atacedwa kusewera m'miseu ndi anyamata anzake, anapita pa mtengo wa mapeyala wa munthu wina pafupi ndi munda wao wa mphesa. Apa sitikamba za kotapela, koma mapeyala aja okhala ngati maapozi. Anaugwedeza mtengowo, nanyamula zipatso zambiri, nalawako pang'ono, zotsalazo n'kuponyera nkhumba. Nkhani yonse ndi yomweyo. Palibe anagwidwa, palibe anavulala.

Komabe bishopu wa zaka zopitirira 40 athera pafupifupi theka la cigawoco akufufuza usiku umenewo. Owerenga ambiri aona ngati n'kukokomeza. Ndani wa ife sanabepo mango kapena magwafa a kwa aneba? Koma ndiganiza kuti iye anasankha dala chimo laling'ono kuti cifukwa cake cioneke poyera. Akanasankha kuba ndalama, tikanati ndi umphawi. Akanasankha cigololo, tikanati ndi thupi. Pa mapeyala zifukwa zonsezo zikugwa cimodzicimodzi. Njala analibe. Zipatsozo sizinali zokongola kapena zokoma, ndipo kwao kunali zabwino kuposa izo. Atacotsa zonsezi apeza zinthu ziwiri. Coyamba, anakondwera ndi kulakwa kwenikweniko, cifukwa cakuti cinali coletsedwa. Akuti zinali ngati mkaidi amene acita kanthu kosaloledwa kuti adzimve ngati mfulu, kutsanzira mphamvu imene ili ya Mulungu yekha. Caciwiri, avomera kuti akanakhala yekha sakanaba. Cimene cinamukoka ndi kuseka pamodzi, ndi manyazi oti anzake angamuone ngati wamantha. Anenanso kuti masiku amenewo anali kunamiza anzake kuti wacita zoipa zimene sanacite n'komwe, kuti asaoneke wotsalira.

Apa m'pamene bukuli liposa maulaliki ambiri amene tinamvapo. Tinazolowera kumva kuti chimo limabwera ndi ziwanda, kapena ndi anzathu oipa, ngati kuti ifeyo tinali cabe panjira. Augustine sanena kuti anzake anamuononga. Iye anali mmodzi wa iwo, ndipo aliyense m'gulumo anali kuopa maso a mnzake. Cinthu cimene anali kucifuna, ndico kukondedwa ndi kukhala ndi gulu, cinali cabwino. Anangocifuna m'njira yokhota. Kwa iye ndimo mmene chimo lililonse lilili: kukonda cinthu cabwino cocepa ngati kuti ndico cacikulu koposa. Munthu sathamangira coipa cifukwa cakuti n'coipa cabe, amathamangira mthunzi wa cabwino.

Nanga kutalikirana ndi Mulungu n'kutani? Augustine abwerera kawirikawiri ku fanizo la mwana wolowerera la mu Luka 15, ndipo m'cigawo coyamba aonapo mfundo imene ine sindinaimvepo pa guwa. Akuti mnyamata uja sanafunikire kavalo, ngolo kapena combo kuti afike ku dziko lakutali, cifukwa mtunda wa pakati pa munthu ndi Mulungu suyezedwa ndi mapazi. Munthu angakhale kutali ali pa benchi lakutsogolo, atavala yunifomu ya kwaya. Ndipo m'buku lonse amene acoka ndi Augustine. Mulungu sasuntha. Pamene iye anali kuganiza kuti Mulungu wakhala cete, pambuyo pake anazindikira kuti anali kumucenjeza kupyolera mwa amai ake, koma iye anauyesa uphungu wa azimai.

Kuthawa kumeneku kuoneka bwino m'cigawo cacisanu. Mu 383 anafuna kucoka ku Carthage kupita ku Rome, cifukwa ana a sukulu amene anali kuwaphunzitsa anali osamva. Amai ake anamutsatira mpaka kugombe, akumuumiriza kuti abwerere kapena apite nao. Iye anawanamiza kuti angoyembekezera ndi mnzake amene anali paulendo mpaka mphepo ikhale bwino. Anawasiya agone pa kacisi wa Cyprian Woyera pafupi ndi doko, ndipo usiku womwewo anakwera combo. Kutaca, maiyo anapeza gombe lopanda mwana wake. Augustine sabisa kuti linali bodza, ndipo sadziikira kumbuyo. Amene anacokapo panyumba atanena kuti apita pa msika, akaloza ku Johannesburg kapena ku Solwezi, adzaimva ndimeyi m'mimba.

Funso lina limene bukuli liyankha bwino ndi lakuti: ngati ndidziwa cabwino, n'ciani cindiletsa? Ali ku Milan, kumene anakhala mphunzitsi wamkulu wa luso la kulankhula mu 384, mutu wake unali utagonja kale. Anali atasiya cipembedzo ca Mani cimene anakhalamo zaka pafupifupi 9, ndipo maulaliki a bishopu Ambrose anali atamucotsera zokaikira zambiri. Koma anali womangika. Afotokoza unyolo wake motere: cifuniro cokhota cibala cilakolako, cilakolako ukacitumikira cisanduka cizolowezi, ndipo cizolowezi ukapanda kucikaniza cisanduka cinthu cimene sungathenso kukhala popanda ico. Avomeranso kuti ali mnyamata anali kupempha Mulungu kuti amupatse kudziletsa, koma asafulumire nako.

Apereka citsanzo ca mnzake wapamtima, Alypius. Mnyamatayu anali kudana ndi masewera a ku Rome amene anthu anali kumenyana mpaka kuphana m'bwalo. Tsiku lina anzake anamukokera kumeneko, iye n'kunena kuti thupi lake lokha ndilo lidzalowa, maso adzatseka. Anatsekadi. Koma womenyana wina atagwa, khamu lonse linakuwa, ndipo Alypius anatsegula maso kuti aone cabe, ali wotsimikiza kuti sizimukhudza. Anatuluka m'bwalomo ali munthu wina, ndipo pambuyo pake ndiye anali kukokera ena. Sindifunika kukuuzani kuti nkhaniyi ifanana ndi ciani masiku ano, pamene bwalo lonse, ndi kubecha kwake komwe, lili m'foni imene ili m'thumba mwanu.

Kutembenuka kwake kuli m'cigawo ca 8, m'caka ca 386. Mlendo wina wa ku Africa, Ponticianus, anawasimbira za Antony wa ku Egypt ndi za anyamata awiri a nchito ya boma amene anasiya zonse atawerenga za moyo wake. Augustine anacita manyazi, nathawira m'dimba la panyumba, nagwa pansi pa mkuyu akulira. Pamenepo anamva mau a mwana kunyumba yoyandikana, akuimba mobwerezabwereza kuti atenge buku awerenge. Anatsegula makalata a Paulo, maso ake nagwera pa Aroma 13:13-14, ndipo mtima unakhazikika. Onani kucepa kwa cocitikaco. Panalibe mneneri, panalibe mafuta odzozera, panalibe kugwa kwa khamu. Panali mwana wosadziwika amene mwina anali kungosewera, ndi buku limene linali kale pa tebulo. Ndipo mlembiyu watenga zigawo 7 kutionetsa kuti tsiku limenelo linakonzedwa ndi zaka zambiri: misozi ya a Monica, buku la Cicero limene anawerenga ali ndi zaka 19, imfa ya mnzake wa paubwana, maulaliki a Ambrose. Anabatizidwa pa Pasaka wa 387, pamodzi ndi Alypius ndi mwana wake Adeodatus. Caka comweco a Monica anamwalira ku Ostia ali ndi zaka 56.

Umboni wa pa Sondo ukanathera pamenepa. Augustine apitiriza, ndipo cigawo ca 10 ndico cimene ndicikonda koposa. Patapita zaka zoposa 10 cibatizidwire, bishopuyu adziunika mmene alili tsopano. Akuti maloto a zakugonana akali kumubwerera. Pakudya sadziwa bwino pamene njala ithera ndi pamene dyera liyambira. Nyimbo za m'chalichi nthawi zina zimamukoma cifukwa ca mau a woimba kuposa tanthauzo lake. Amakondwa anthu akamutamanda. Ngakhale galu wothamangitsa kalulu kapena buluzi wogwira nchenche amamucotsa pa maganizo a Mulungu. Sanena kuti kutembenuka kuja kunali kwabodza. Anena kuti wodwala amene wapeza sing'anga akali wodwala, koma salinso yekha. M'cigawo comweci ndimo muli mfundo yaikulu ya buku lonse: anali kufunafuna Mulungu kunja, m'zinthu zokongola zimene Mulunguyo anapanga, pamene Mulungu anali m'kati mwake nthawi yonseyo. Kuyanjananso, malinga ndi bukuli, ndi kuleka kudzithawa wekha. Kwa wacinyamata amene analeka kupita kuchalichi cifukwa ca manyazi akuti anagwanso, cigawo ici cingakhale cothandiza kuposa misonkhano khumi ya citsitsimutso.

Tsopano ndikambe cimene cindivuta, cifukwa cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere. Ali ku Carthage, asanafike zaka 20, Augustine anatenga mkazi amene sanamukwatire mwalamulo. Anakhala naye zaka pafupifupi 15, ndipo iye mwini anena kuti nthawi yonseyo sanayende ndi wina. Anabala naye Adeodatus. Mkaziyo anaoloka nyanja kumutsatira mpaka ku Milan. Kumeneko, nchito itayamba kuyenda bwino, a Monica anakonza zoti mwana wao akwatire mtsikana wa m'banja loyenera udindo wake. Mtsikanayo anali wamng'ono, kunali koyenera kuyembekezera zaka ziwiri kuti afike pa msinkhu wa ukwati. Mai wa Adeodatus anaonedwa ngati copinga. Anabwezedwa ku Africa, mwana n'kutsala ndi atate ake. Pocoka analumbira pamaso pa Mulungu kuti sadzadziwanso mwamuna wina. Augustine analephera kuyembekezera zaka ziwirizo, natenga mkazi winanso.

Nkhani ya kucotsedwa kwake ili m'ndime imodzi yaifupi kumapeto kwa cigawo ca 6. Mapeyala anapatsidwa masamba, mkazi wa zaka 15 anapatsidwa mizere yowerengeka, ndipo dzina lake silichulidwa paliponse m'buku. Augustine anena kuti mtima wake unang'ambika n'kumacucha magazi, ndipo ndimukhulupirira. Koma onani kalembedwe kake. Pa mapeyala akuti ndinaba. Pa mkaziyu alemba ngati kuti anacotsedwa pambali pake ndi dzanja la wina. Chimo limene aulula ndi lakuti iye sanathe kudziletsa ngati mmene mkaziyo anacitira. Zakuti mai analandidwa mwana ndi nyumba kuti mwamuna akwere pa nchito, safunsapo funso ngakhale limodzi, munthu amene amafunsa mafunso pa ciliconse.

Pali omuikira kumbuyo, ndipo mfundo zao si zopanda pake. Akuti mwina mkaziyo anali akali moyo pamene bukuli linali kulembedwa, ndipo kubisa dzina kunali kumuteteza. Akuti mnzake uja amene imfa yake inamusweratu mtima m'cigawo ca 4 nayenso sachulidwa dzina, conco kusachula sikutanthauza kusakonda. Akutinso m'ufumu wa Rome zinali zacizolowezi kuti mwamuna wofuna udindo asiye mkazi wa pansi n'kukwatira wa m'banja lapamwamba. Ziwiri zoyambazo ndizilandira. Yacitatuyo ndiyo ionetsa vuto. Kuba zipatso nakonso kunali kwacizolowezi pakati pa anyamata, koma Augustine sanakuleke cifukwa ca cimeneco. Diso lake linali lakuthwa pa macimo amene anthu a nthawi yake anali kuwacha macimo, ndi pa zobisika za mumtima mwake. Pa coipa cimene anthu olemekezeka onse anali kugwirizana naco, kuphatikizapo amai ake opemphera, disolo linaona mwacimbuuzi.

Zioneka conco kaciwiri m'cigawo ca 9. Poyamikira a Monica, asimba kuti a Patricius anali aukali, ndipo azimai ena a m'tauni anali kuyenda ndi zipsera kumaso cifukwa comenyedwa ndi amuna ao. Akuti a Monica anali kuwauza kuti vuto ndi lilime lao, ndi kuti adziyese akapolo a amuna ao. Augustine alemba izi ngati nzeru yoyenera kutsanzira. Mlongo wanga amene uwerenga izi, ndimeyo usaitenge ngati mau a Mulungu. Ndi mau a mwana wokonda amai ake, wa m'nthawi imene kumenya mkazi sikunali kudabwitsa munthu.

Nkhani ya mkazi wopanda dzina ndi yofunika kwa ife cifukwa tikuiona. Mnyamata akhala ndi mtsikana m'kacipinda ka lendi zaka zisanu, abala naye, mtsikanayo agulitsa tomato kuti iye amalize kosi. Nchito ikapezeka, kapena akalowa m'chalichi n'kupatsidwa udindo, mai wa mwana uja asanduka mbali ya moyo wakale umene Ambuye anamupulumutsako. Aimirira kutsogolo kupereka umboni, ndipo ife tiomba m'manja. Koma Baibo imene Augustine anali kuidziwa pamtima siilekanitsa zinthu ziwirizi. Pa Mateyu 5:23-24 wobweretsa mphatso ku guwa auzidwa kuti ayambe wakayanjana ndi m'bale wake amene ali naye cifukwa. Pa Luka 19 Zakeyu aonetsa kutembenuka kwake polonjeza kubweza kanai zimene analanda. Confessions itiphunzitsa bwino kwambiri za mtunda wa pakati pa munthu ndi Mulungu. Za mtunda wa pakati pa munthu ndi amene anamulakwira, itisiya ndi njala.

Kodi tsono n'loyenera kuliwerenga? Inde, ndipo cifukwa cimodzi ndi comweci. Nkhani ya mkaziyu tiidziwa cifukwa Augustine yemweyo anailemba. Akanatha kuisiya, popeza anali bishopu wokhala ndi adani ambiri ofuna pomugwirira. Anaiika, pamodzi ndi lumbiro la mkaziyo limene limucititsa iye manyazi. Ndiponso ndi iye amene atipatsa cida comuweruzira. Mafunso amene anafunsa pa mtengo wa mapeyala, akuti ndinali kufuna ciani, ndinali kuopa maso a ndani, ndikanacita ndikanakhala ndekha, ndi omwewo amene tingamufunse pa doko pamene mai wa Adeodatus anakwera combo. Ndi omwewonso amene tingadzifunse tokha.

Bukuli lipezeka m'Cizungu. Kumasulira kwakale kwa E. B. Pusey kwa mu 1838 kuli pa intaneti kwaulere, koma Cizungu cake n'colemera. Kwa Henry Chadwick kwa mu 1991 n'kosavuta kutsatira. Ngati mabando ndi nthawi zili zocepa, yambani ndi cigawo 2, 6, 8 ndi 10. Zigawo zitatu zotsiriza mungazisungire tsiku lina, cifukwa zimafuna kuleza mtima. Ndipo mukafika kumapeto kwa cigawo ca 6, musathamange. Werengani ndime ija kawiri, kenaka muganizire ngati m'nkhani ya moyo wanu, mmene mumaisimbira kwa Mulungu ndi kwa anthu, mulibe wina amene munamupatsa mizere iwiri cabe.